Gule wa Mayi Gwede

Bulauzi yachisanu ndi chitatu inali pansi pa singano pamene galimoto ya Zuna Kola inaima pafupi ndi khonde la Rozina ku Kawale. Iye sanadzutse mutu. Phazi linkangopalasa makina, nsalu yachikasu nkumayenda.

Mabulauzi onsewo anali a gule mmodzi. Inu vidiyo ija simunaione? Ndiye kuti foni yanuyo mumangounikira poyenda. Ndi ya masekondi khumi ndi awiri basi. Mayi wachikulire, atavala bulauzi yachikasu ya manja otukumuka, kabuku kali m'dzanja, akudutsa pa shopu ya masipika pamsika wa Kawale, nyimbo ikugunda. Mwadzidzidzi mwendo wamanzere uyamba kukwakwaza pansi, phewa nkutsika, mkono uli lende, pakamwa nkupotokera kumbali ngati akunyogodola wina. Gwede, gwede, ndendende ndi ng'oma. Vidiyo nkuthera pomwepo.

Lilongwe inapenga. Ana a sukulu ankavina ndi makope m'manja. Aperekezi a ukwati ku Area 25 analowa nawo muholo guleyo, anthu kufupa mpaka thukuta. Ngakhale woimba uja wosudzula akazi chaka chilichonse anaupotoza mlomo pa TikTok, anthu nkuiwala za mlandu wake. Mayiyo anangomutcha Mayi Gwede, poti dzina lake lenileni panalibe wolidziwa.

Kenako nkhani inalowa makampani. Zuna Kola ndi Kaziziri, zakumwa ziwiri zodana ngati akazi a pamitala, aliyense analumbira kuti ndiye ayambe kumupeza mayiyo ndi kumuika pachikwangwani. Anasaka ku Biwi, anasaka ku Mgona, osamupeza. Chinatsala ndi bulauzi ija. Manja otukumuka choncho, achikale, Kawale yonse amasoka ndi Rozina yekha.

"Asisi, inu ndiye ndinu dolo," ankatero Jacqueline wa saluni yoyandikana nayo. "Vidiyo kungotuluka, inu shopu kutseka sabata yathunthu, ati mwapita kumudzi. Mayi Gwede munakawabisa, eti? Mukudikira mtengo ukwere."

Rozina sankavomera, sankakana. Ankangokonza duku kumutu. Chibwerere kumudziko duku limenelo silinachoke, ngakhale dzuwa la Okutobala linkaotcha malata ngati chiwaya. Jacqueline anamunyengerera kuti amuluke ulere, iye anangoti tsiku lina.

Kunena zoona, Rozina sankamva kanthu. Sankakwiya, sankaseka. Chakudya chinkalowa ngati utuchi. Atsikana akabwera kudzayesa mabulauzi nkuyamba kugwedera pakhonde pakepo, ankawayang'ana monga munthu ayang'anira mvula, nkuwauza kuti aimirire bwino awayeze m'chiuno. Ulusi ukatha ankatsegula vidiyoyo, mawu atatseka, nkuionera kawiri katatu asanalowetse wina. Anthu ankafuna dzina ndi mudzi. Iye ankadziwa kuti tsiku limene adzatchule, adzayenera kunenanso zotsalazo, ndipo pakamwa pake panali pasanakonzeke.

M'galimoto muja munatsika mnyamata wa malaya ofiira a kampani, fungo la perefyumu likumutsogolera. Anati dzina lake ndi Trevor, wa zotsatsa malonda.

"Amayi, tisazungulire. Tamva kuti a Kaziziri anabwera dzulo. Chilichonse chimene anena, ife tiwonjezera. Mayi Gwede akhala pachikwangwani chachikulu, dziko lonse liziwaona. Inunso tikupatsani makina amagetsi, musiye kupalasa ngati kabaza."

Jacqueline anali atafika kale, chipeso chili m'manja, kasitomala atamusiya ndi mutu watheka. Anamutsina Rozina paphewa. Ana anayamba kuunjikana, ena atayamba kale kukwakwaza mwendo m'fumbi.

Rozina anadula ulusi ndi mano. Anapinda bulauziyo, nkutenga ina.

"Sangabwere," anatero.

"Ndi amanyazi? Tikawatenga pa galimoto. Kapena ndi a mpingo wovuta?"

Makina anayambanso kulira. Trevor anayang'ana Jacqueline, Jacqueline anatsinzinira diso limodzi, kutanthauza kuti wonjezerani, achimwene, apa pafika pa mtengo. Mnyamatayo anapukuta thukuta, nakhala pabenchi, nkutulutsa foni.

"Chabwino. Tiyambe ndi chaching'ono. Ovina athu akuyeserera, koma mkonowu ukuwavuta, sukugwa mwachibadwa ngati wa eni akewo. Inu mumawadziwa. Chimayamba n'chiyani, mwendo kapena mkono? Nanga kabukuko ndi ka nyimbo?"

Phazi la Rozina linaima. Anakoka kabati ya makina, momwe amasungamo masingano ndi choko, natulutsa kabuku kakuda ndi fumbi, kopindika pakona. Anakaika pa nsalu yachikasu ija. Kanali ka kuchipatala. Kenako anamasula duku kuti apukutire kumaso, ndipo Jacqueline anagwira pakamwa: mutu unali wometedwa mpala, tsitsi likungoyamba kumera.

"Umayamba mwendo," anatero Rozina, mawu ali phee ngati akutchula muyezo wa nsalu. "Adokotala anati sitiroko imatero. Mayiwo anabwera kuchokera ku Nkhoma kudzayezetsa BP, ine ndinawauza kuti atsogole ku siteji ndimalize diresi ya munthu. Wojambulayo anasiya kujambula iwo asanagwe. Mayi anga tinawaika Loweruka lapitalo lija."