Wogogoda wa ku Levulo Naini

Magetsi atabwera madzulo aja, Moreblessing anabwerera ku ofesi ya mgodi kukadzutsa seva, kompyuta yaikulu ya pamgodipo. Pulogalamu imene analemba inkagwira ntchito ya mlonda wa pakhomo: makina oyeza mpweya pansi pa nthaka akagogoda, iyo inkayamba yaona satifiketi yawo, kenako n'kuwatsegulira. Popanda iyo, anthu a shifiti sakanatsika.

Makina onse analowa bwinobwino. Kenako panagogoda ena, dzina lawo Levulo Naini, gawo lachisanu ndi chinayi la pansi pa mgodi.

Anaimbira foni a Pensulo, kapitawo wachikulire wa shifitiyo.

"Sekuru, ku Levulo Naini mwaikako makina atsopano?"

"Kuti? Mwanangu, kumeneko kunadzaza madzi iwe usanabadwe. Ndi waya womwe kulibe."

"Komatu satifiketi yake ndi yabwinobwino. Yasainidwa ndi kiyi wanga wachinsinsi."

"Zimenezo ine sindizidziwa. Anthu ali pa keji yotsikira mumgodi, tiwatsitse kapena ayi?"

Moreblessing anayang'ananso pa sikirini. Anamukana mlendoyo, koma anagogodanso. Anazula waya wa netiweki kumbuyo kwa seva, makina ena onse n'kuzimiririka pa sikirini. Levulo Naini inatsala yokha, ikudikira.

Manja ake anali pachifuwa pamene pulogalamu inatsegula yokha. Manambala a mpweya sanabwere. Panangobwera mzere umodzi, m'Chichewa chakale chimene iye ankachimva movutikira: "Mwachedwa kutitsegulira. Tikukwera."

Foni ija inali isanadulidwe. Kenako a Pensulo anayankhula motsitsa mawu.

"Mwanangu, belu la keji likulira kuchokera pansi. Koma sitinatsitse munthu."