Kasinja wa Angerezi Paphiri

Masewera a nkhondo pa kompyuta anali atafika pakati, koma kasinja wa Nerio anali adakali m'munsi mwa phiri.

"Aise, ukubwera wapansi?" anafunsa mnzake Eudo m'mahedifoni. "Atitha kuno."

"Ndikubwera," anayankha Nerio, chala chitauma pabatani. Anayang'ana kamera n'kumwetulira mokakamiza. "Owonera athu, uyu ndi kasinja wolemera wa Angerezi wa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Chitsulo chake n'chochindikala. Za liwiro tikambirana."

Anali atalonjeza owonera ake kuti atulutsa vidiyo ya kasinjayu lero, pomwe m'dera lawo mumzinda wa Maracaibo magetsi amazima masana aliwonse. Arepa, mkate wa chimanga womwe mkazi wake anamuikira patebulo, unali utazizira kale.

Chipolopolo cha adani chinamenya kasinjayo n'kunjanja, iye n'kumangokwawa ngati ng'ombe yokhuta.

Pomaliza mfuti yake inasuzumira pamwamba pa phiri. Mdani anali pomwepo, atapereka msana. Nerio anamulunjika bwinobwino.

Fani ya m'chipindamo inasiya kuzungulira, sikirini n'kuda bii.

Nerio anapukuta thukuta m'khosi. Kenako anatola foni n'kuyamba kudzijambula.

"Kasinja ameneyu ndi wabwino kwambiri," anatero. "Mumusankhe ngati kwanu magetsi sazima."