Mchombo wa a Dyna

Lole ya boma itangoima pabwalo la tchalitchi, onse amene madzi anawalanda nyumba anakhamukira panja.

"Malo apezeka! Akutipatsa minda kumtunda, cha ku Malosa!"

Nthungululu zinamveka mpaka ku Songani. A Dyna okha ndiwo anaima pamzere wa kalembera osasangalala. Chiphaso chawo cha unzika chinapita ndi mtsinje wa Domasi, ndipo anali atamva wina akutchula anthu a mumsasamo kuti othawa kwawo. Dzina limenelo linali la agogo awo, amene anachokera ku Mozambiki wapansi. Kodi lero awauza kuti minda ndi ya eni dziko okha?

"Chiphaso, mayi?" anafunsa mtsikana wolemba maina.

"Chinakokoloka. Koma mwana wanga, ulembe bwino. Ine sindinathawe kwathu ayi. Kwathu ndi kumene kunandithawa."

Mzere wonse unafa nacho chiseko.

"Nanga munabadwira kuti?"

"Mchombo wanga unakwiriridwa patsinde pa mtengo wa mango, kudimba uko. Mtengowo madzi anauzula. Pano uli ku Chilwa."

"Ku Chilwa ndi ku Malawi konkuno, mayi," anatero mtsikanayo, cholembera chikuyenda kale. "Chiphaso tikupangirani china, imeneyo ndi ntchito yathu. Kwerani."

A Dyna anaponda tayala ngati namwali, nakwera osagwiridwa dzanja. Ali pamwamba anatembenuka, nakuwira amuna awo:

"Bambo a Chisoni, mwaimiranji pamenepo? Thamangirani khasu lija!"