Mtima M'bokosi, Msewu Wotsekeka

Galimoto yachipatala inaima chifukwa thiraki inali itagona chopingasa pamsewu. Adokotala amene anzawo ankawajeda kuti Mayi Nkhumba anakumbatira bokosi lozizira ngati khanda. M'katimo munali mtima wa munthu, wopita kwa mtsikana amene anali atamugoneka kale pathebulo la opaleshoni.

Mtimatu ukachotsedwa m'thupi umayamba kuwonongeka pakatha maola anayi, ndipo lachinayilo linali likutha. Koma uwu unali m'madzi amankhwala amene mayiwa anapanga okha, atavutika zaka zisanu ndi mitima ya nkhumba.

Foni inalira. Anali dokotala wamkulu wa opaleshoni.

"Achemwali, titsegule chifuwa cha mwanayu kapena timudzutse? Tikamudzutsa, sabata ino saimaliza."

"Ya nkhumba inkapirira maola asanu ndi limodzi," anayankha Mayi Nkhumba.

"Uyutu si nkhumba. Mayi ake aima pakhomo pano, akundiyang'ana."

Denga la chipatala linkaoneka pataliko, kuseri kwa mzere wa magalimoto. Mayi Nkhumba anayang'ana wotchi, kenako nsapato zawo zazitali zimene ankanyadira nazo. Anazivula.

"Tsegulani," anatero pafoni, n'kutsika, bokosi lili pachifuwa, n'kuliyatsa liwiro.