Banga Limene Ndalama Yachitsulo Inabisa

Panali munthu wina m'tauni ya Klaten, mayi wolemba maluwa pansalu za batiki, dzina lake Warsinah. Atamuchita opaleshoni ya khansa ya m'mawere, madokotala anawotcha pamalopo ndi cheza cha makina, ndipo anachira. Pomutulutsa, dokotala anamuchenjeza kuti, "Mayi, khungu tawotchali likadzasintha mtundu mudzabwere msanga, ngakhale patapita zaka khumi."

Patatha zaka zisanu ndi ziwiri, pabere lomwelo panatuluka banga lofiirira, longa pamene munthu wagundidwa. Silinkapweteka. Mng'ono wake, Tumirah, ataliona anaseka.

"Akulu, mphepo yakulowani! Mumagona pafani usiku wonse ngati nsomba yoyanika. Vulani ndikukhuleni."

Anamupaka mafuta, namukhula ndi ndalama yachitsulo kumsana ndi pachifuwa mpaka mizere yofiira inatuluka, monga timachitira tonse ku Klaten tikazizidwa, kuti mphepo ituluke. Bangalo linabisala m'mizeremo. Mizere ikazilala, Tumirah ankati mphepo yatsalira, n'kukhulanso. Anatero miyezi inayi. Amene akufalitsa kuti inali milungu yochepa chabe akulakwitsa.

Bangalo litakula, Warsinah anakumbukira chenjezo lija napita kuchipatala. Dokotala watsopano anaona mizere ija nati, "Mwangodzikhula kwambiri, Mayi. Zitha zokha."

Warsinah ananyamuka n'kupita kwawo. Atafika kunyumba anazunguliza bangalo ndi inki, ndi dzanja lake losaphonya mzere, nauza Tumirah kuti, "Iwe, ndalama yakoyo isandikhudze masiku khumi."

Tsiku la khumi anabwerera kuchipatala. Mizere yonse inali itazilala, koma banga linali litadumpha inki.

"Adokotala, mabala a ndalama amatha pa masiku anayi. Ili ladutsa malire amene ndinajambula. Sindichoka pampando pano mpaka mutadula kachidutswa kuti mukapime."

Anadula, napima. Inali khansa ya mitsempha ya magazi ya pakhungu, imene imagwira anthu ochepa kwambiri mwa amene anawotchedwa. Anachotsa bere lonse ndi khungu lalikulu, namezetsapo lina la pantchafu. Ali moyo, ndipo akulembabe nsalu.

Tumirah analira kwambiri pambali pa bedi. Warsinah anati, "Pukuta misozi, iwe dokotala wa mphepo. Msana wanga udzaukhulabe. Pachifuwa pokha, ayi."

Phunziro: Kuwotcha khansa kumapulumutsa miyoyo, musakuope. Koma khungu lowotchedwalo likatulutsa banga, likauma gwa, kapena likachita chilonda chosapola, musalikhule kapena kulipaka kanthu. Pitani kuchipatala, nenani kuti munawotchedwa, ndipo limbikirani kuti apime. Tumizani uthengawu kwa mayi aliyense amene anadwalapo matendawa, ndi kwa m'bale wake wosunga ndalama yokhulira.