Khomo Labodza la Mfuko

Padangokhala, osati kalekale, dzana lomweli, Mfuko ndi Nkhwali, onse ootcha mbatata. Ya Mfuko inali yokoma, koma ogula ankathera kwa Nkhwali.

"Ine ndinalembetsa pa intaneti, achimwene," anatero Nkhwali monyada. "Wanjala akangofufuza pa foni, mapu amamufikitsa pakhomo panga. Inu muzidya nokha kuunako."

Mfuko anapsa mtima, n'kupita kwa Namzeze, wolembetsa mabizinesi.

"Khomo lanu lili pati, bambo?" anafunsa Namzeze.

Mfuko anaganizira ansanje, afiti, ndi abale okonda zaulere. Analoza una wake wakale wa pachulu, umene anausiya kalekale.

M'mawa mwake anaotcha mbatata yambiri. Anamva mapazi ambirimbiri akudutsa pamwamba pake, kulowera kuchulu. Posakhalitsa ogulawo anabwerera akudandaula: "Anatseka ameneyu. Tiyeni kwa Nkhwali."

Mfuko anafuna kufuula kuti, "Ndili pano!" Koma akanafuula, bwenzi onse atadziwa pamene amakhala. Mbatata inangozizira.

Mpaka lero, Mfuko akamva mapazi pamwamba amasiya kutafuna, n'kutchera khutu kuti mwina wina aima.