Nyimbo ya Zaithwa pa Mjigo

Chikhazikitsireni lamulo loletsa kutsatsa nyimbo pa wailesi ndi pa foni, nyimbo yatsopano inkayenda pakamwa basi. Kampani yojambula nyimbo inkapachika kachipangizo komvetsera pa mjigo wa kwawo kwa woyimba. Mwezi ukatha kasanamve anthu akuiyimba, woyimbayo ankamutaya.

Zaithwa, mwana wa Nankhoma, anali atajambula nyimbo yake yoyamba, koma pa mjigo panali zii. Mtsikanayo anayamba kukana chakudya, n'kumangobindikira m'nyumba.

Nankhoma anali ndi mawu osasa, moti kukwaya anangomupatsa ntchito yosunga mayunifomu. Komabe anayamba kuthirira ndiwo zake mowirikiza kuti mtsuko uziuma msanga, apeze chifukwa chobwerera ku mjigo. Ulendo uliwonse ankapita akuyimba nyimbo ya mwana wakeyo.

"Amayi, mukundichititsa manyazi," anadandaula Zaithwa. "Simukuikhoza n'komwe."

"Ndikudziwa, mwanangu. Tandipatsa ndowayo."

M'mawa wina anapeza Nasibeko, mtsogoleri wa kwaya, ali pamzere wotunga madzi. Nankhoma anakweza mawu, naipotoza nyimboyo mpaka kulasa m'makutu. Nasibeko anayesa kupirira, koma zinamukanika.

"Iyayi, anzanga, mukuipha nyimbo ya mwanayu! Pamenepo imakwera chonchi."

Anaitsogolera mwanthetemya, amayi ena n'kuvomera, wopopa madzi n'kumagunditsa mjigo motsata nyimboyo. Kachipangizo kaja kanayaka, kusonyeza kuti kaimva nyimboyo. Nankhoma anatseka pakamwa, nasenza ndowa yake.

Anapeza Zaithwa ataima pakhomo, khutu lili ku mjigo, misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, akuyimbawo ndani?"

"Odziwa kuyimba. Tanditula, khosi landipweteka."